Nanga Agogo Aja Analakwanji?

Pali filimu ya ku Japan yotchedwa Ringu, imene a Hideo Nakata anatulutsa pa 31 Januwale 1998. Anthu odziwa za mafilimu amaiika m'gulu la mafilimu oopsa kwambiri amene dziko linaonapo, ndipo apo sinditsutsa, imaopsadi. Koma mantha amatha kukacha. Chimene chimatsala ndi mafunso, ndipo odziwawo mafunso amenewa amangowalumpha ngati tonse tinapatsidwa kale mayankho ake. Ine sindinapatsidwe. Kapena inu anzanga munauzidwa ine kulibe? Tiyeni tiyambire poyambira penipeni. Temberero limamugwira bwanji munthu amene sanalakwire aliyense?

Nkhani yake njosavuta kufotokoza. Pali tepi ya vidiyo, ija yakuda yolowetsa m'deki, yopanda dzina lililonse pamwamba pake. Ukaionera, foni imalira. Pakatha masiku 7, pa ola lomwelo unaionera, umafa. Achinyamata anayi a sukulu anapita kukacheza ku Izu, dera la m'mbali mwa nyanja kumene anthu a ku Tokyo amakapumulirako. Anagona m'kanyumba kolipira, naonera tepiyo. Patatha sabata onse anayi anafa usiku umodzi, nthawi imodzi, aliyense kumene anali. Awiri anawapeza m'galimoto. Mtsikana wina, Tomoko, mayi ake anamupeza m'kabati kunyumba kwawo, kukamwa kuli yasa, maso ali tuzu. Ofufuza anati mitima yawo inangoima. Inangoima? Alipo munthu amene anafapo mtima ukugundabe? Katswiri akatiuza kuti mtima unaima, watiuza chimene chapha mwanayo, kapena wangotiuza kuti mwanayo wafa?

Mayi ake aang'ono a Tomoko ndi Reiko Asakawa, mtolankhani wa pa TV amene akulera yekha mwana wake wamwamuna, Yoichi, ukwati utatha. Reiko anapita kumaliro, anamva manong'onong'o a anzake a malemu, nauyatsa ulendo wa ku Izu. Tepi anaipeza pashelefu mu ofesi yolandirira alendo. Anailowetsa m'deki ya m'kanyumba komwe kaja, naionera yekhayekha. Ena amati anapusa, akanangoisiya pomwepo. Koma mwana wa mkulu wako ndi mwana wako. Akafa imfa yosadziwika mutu wake, sufuna kudziwa? Mtolankhani akapanda kuona ndi maso ake, akauza anthu chiyani? Kodi kufunsa chimene chinapha mwana wako ndi mlandu woti munthu afere?

Ndiye m'tepimo muli chiyani? Mulibe magazi, mulibe mpeni. Muli mayi akupesa tsitsi pagalasi lobulungira lopachikidwa pakhoma. Galasilo likudumphira mbali ina, n'kuonetsa kamtsikana kovala zoyera, kenaka likubwerera pamalo pake. Muli zilembo zikuyendayenda zokha. Muli anthu akukwawa pansi. Muli mwamuna ataima chilili, nsalu yoyera itaphimba mutu wake wonse, chala chikuloza penapake. Muli diso. Pomaliza pali chitsime chamiyala pakati pa mitengo, pali zii. Basi, yatha. Munthu wolakwiridwa timamudziwa, amafuna kumveka. Amatchula dzina la amene anamulakwira, tsiku lake ndi malo ake, ndipo ukapanda kumva amabwereza. Nanga uyu bwanji akuyankhula mophiphiritsa? Akufuna timumve, kapena akufuna tife tisanamumve?

M'buku la a Koji Suzuki la 1991, kumene filimuyi inachokera, muli kanthu kena kamene kamandiwawa. Kumapeto kwa tepi kunali malangizo a mmene munthu angapulumukire. Achinyamata anayi aja anawaona, sanawasamale, ndipo mwachibwana anajambulapo zina pamwamba pake, moti wobwera pambuyo atafika pamene pankayenera kukhala chipulumutso chake, anangoona malonda otsatsa mankhwala ofukiza othamangitsa udzudzu. Anawo sanafune kupha munthu. Sanakhulupirire basi. Inu mukanakhulupirira? Tinkamva kuti zoterezi zimagwira wamantha, ndipo wosazikhulupirira zimamudutsa. Nanga osakhulupirirawa afa bwanji?

Foni italira, Reiko anathamangira kwa mwamuna wake wakale, Ryuji Takayama, mphunzitsi wa pa yunivesite. Anamupempha kuti amujambule chithunzi, ndipo chithunzicho chinatuluka nkhope itapindika, monga zinalili zithunzi za ana aja. Ryuji anaonera tepi ija, napempha kuti Reiko amukopere yake yoti akaiunike bwino. Reiko anakopa, namupatsa. Kanthu kameneka mukasunge m'mutu. Masiku akutha chotero, Reiko anapita ndi mwana kukagona kwa agogo a mwanayo, bambo ake a Reiko. Pakati pa usiku anadzidzimuka, pogona pa mwana palibe munthu. Yoichi ali chipinda china, wakhala patsogolo pa TV, tepi ikutha. Atamufunsa, mwanayo anati Tomoko ndiye wamuuza kuti aonere. Tomoko yemwe uja ankasewera naye? Mchemwali wake? Womwalira amabwera kudzateteza ana a pakhomo, kapena kudzawatenga? Kodi munthu akaphedwa ndi temberero amasanduka wantchito wa temberero lomwelo?

Kufufuza kwa Reiko ndi Ryuji kunawafikitsa pachilumba cha Oshima, kumene kuli phiri lotulutsa moto lotchedwa Mihara. Phirilo lilipodi, mu 1986 linaphulika mpaka anthu onse a pachilumbapo, pafupifupi 10,000, anasamutsidwa. M'filimu akuti zaka 40 m'mbuyomo pachilumbapo panali mayi wina, Shizuko Yamamura, amene ankaona zinthu zisanachitike, ndipo analosera kuphulika kwa phirilo. Msuweni wake Takashi anaona kuti apa pali ndalama, nafalitsa mbiri yake. Kunabwera katswiri, Dokotala Ikuma, amene anatenga mayiyo kukamuyesa pamaso pa atolankhani. Shizuko anayankha molondola zonse zimene anamubisira, koma mtolankhani wina anaimirira n'kukuwa kuti ndi bodza, anzake n'kuyamba kumukuwiza mayiyo. Mwadzidzidzi woyambitsa uja anagwa pansi, n'kufa. Anamupha ndi Sadako, kamwana ka Shizuko, ndi maganizo okha. Pambuyo pake Shizuko anakadziponya m'phiri la moto lija. Sadako atasinkhuka, Ikuma, amene ankatchedwa bambo ake, anamumenya m'mutu, namugwetsera m'chitsime, chitsimecho n'kuvundikiridwa, ndipo kumeneko ndi kumene kunachokera temberero la tepi ija. Nanga munthu wophunzira, amene anabwera kudzafufuza choonadi, anafika bwanji pokwirira mwana wamoyo?

Tsopano tiwerenge olakwa. Takashi anagulitsa m'bale wake. Atolankhani ananyoza mayi amene sanawanamize. Ikuma anapha. Akuluakulu anati choipa chitsata mwini, ndipo tonse tinakula tikukhulupirira zimenezo. Koma m'filimuyi Takashi ali moyo, wakalamba, akuyendetsa boti lake panyanja. Amene ali m'bokosi ndi Tomoko, mwana amene anali asanabadwe pamene chitsime chinkavundikiridwa. Choipa chasochera njira? Kapena mwambi uja unali wongotitonthoza? Ngati Sadako anatha kupha munthu ndi maganizo ali kamwana, analephera bwanji kupeza nyumba ya Takashi?

Filimuyi imanong'onezanso kuti mwina bambo ake enieni a Sadako sanali munthu, chinali chinthu cha m'nyanja, popeza Shizuko ankakonda kukhala pagombe tsiku lonse akuyang'ana mafunde. Atiuziranji zimenezi? Kuti tileke kumumvera chisoni? Kuti Ikuma tizimuona ngati anapha chilombo? Mwana amasankha womubereka?

Si kuti mizukwa ya ku Japan inali yosokonekera chonchi kuyambira kale. Kuli nthano ya Okiku, mtsikana wantchito amene ankasunga mbale 10 zamtengo wapatali za pakhomo pa bwana wake. Mbale imodzi itasowa anamunamizira, anamupha, namuponya m'chitsime. Usiku uliwonse mawu ankamveka kuchokera pansi akuwerenga mbale, kufika pa 9, kenaka kulira koswa mtima. Alendo okaona nyumba yachifumu ya Himeji mpaka lero amawaonetsa chitsime chotchedwa dzina lake. Kulinso Oiwa wa m'sewero la 1825 lotchedwa Yotsuya Kaidan, mkazi amene anamwetsedwa poizoni nkhope n'kuwonongeka. Mzukwa wake unasautsa mwamuna wake Iemon, amene anamupereka. Onsewa ankadziwa khomo la wolakwa. Ena pofotokoza nthano ya Okiku amati munthu wina atafuula kuti 10 pamene iye anafika pa 9, mzukwawo unapumula osabweranso. Ankangofuna mlandu wake uthe. Sadako wavala chimodzimodzi, zoyera za kumanda, tsitsi lalitali lakuda litaphimba nkhope. Chasintha n'chiyani? Mizukwa inasiya liti kudziwa khomo la amene anailakwira?

Mwina yankho lili pamalo pamene chitsimecho chili. Reiko ndi Ryuji anachipeza pansi pa kanyumba kaja ka ku Izu. Anthu anamanga malo opumulirapo alendo pamwamba pa manda a mwana. Ankadya pamenepo, kuseka, kuonera TV, kugona tulo tawo. M'filimu yotsatira, Ring 2 ya 1999, akutiuza kuti Sadako anakhala moyo m'chitsimemo zaka pafupifupi 30. Zaka 30 mumdima, m'madzi, akukanda khoma mpaka zikhadabo kuzuka. Palibe anamva? Palibe anafunsa kuti kodi mwana wa Shizuko uja anapita kuti? Amene ankamuopa sanapume mpweya wabwino atasowa? Ngati ndi choncho, mwina Sadako sakuona wosalakwa aliyense pamwamba pa nthaka, ndipo mpaka pamenepo ndimamumvetsa. Koma Yoichi, kamwana kongoyamba kumene sukulu, kakanachitapo chiyani?

Chimene chinandikhalitsa chete nthawi yaitali n'chakuti kumbuyo kwa Shizuko kuli munthu weniweni. Ku Kumamoto kunali mayi wotchedwa Chizuko Mifune, wobadwa mu 1886, amene ankati amatha kuwerenga zolembedwa zimene azitsekera m'chinthu chomata. A Tomokichi Fukurai, mphunzitsi wa za maganizo a munthu pa Tokyo Imperial University, anamukhulupirira, ndipo mu 1910 anamuyesa pamaso pa akatswiri anzawo. Nyuzipepala zinayamba ndi kumutama, kenaka zinamutembenukira kuti ndi wachinyengo. Mu Januwale 1911 Chizuko anamwa poizoni, namwalira ali ndi zaka 24. A Fukurai ntchito ya pa yunivesite inawathera, koma anakhala ndi moyo mpaka 1952, ndipo mmodzi mwa amayi ena amene anawayesa pambuyo pake dzina lake linali Sadako Takahashi. Tinene kuti Chizuko ankanamadi. Bodza lowerenga kapepala kobisidwa ndi loti mtsikana afere? Tinene kuti sankanama. Ndiye anamunyozeranji? Ndipo ndi mtolankhani uti, ndi pulofesa uti, amene anagwa pansi n'kufa chifukwa cha temberero la Chizuko?

Palibe. Mayi weniweniyo anafa yekha, osatenga munthu. Ndi m'filimu mokha mmene wonyozedwa amabwerera kudzapha. Kunja kuno, amene anthu amamuopa kuti ali ndi mphamvu zachilendo ndiye amene amaphedwa, ndipo ife sitifunika kupita ku Japan kuti tizione zimenezi. Ku Neno mu Januwale 2016, mphenzi itapha mtsikana, anthu anapha agogo anayi powaganizira kuti ndiwo anaitumiza. Agogo amene akuti amalamula mphenzi analephera bwanji kudziteteza kwa anansi awo? Sadako amene ankapha ndi maganizo analephera bwanji kuimitsa dzanja la Ikuma? Filimu ikatha ife tikuopa mtsikana wa m'chitsime, tikuopa munthu woyenera?

Tibwerere kuchitsime, chifukwa pamenepa ndi pamene filimuyi inandigwira mtima. Ndi tsiku lomaliza la Reiko, dzuwa lapendeka. Awiriwo athyola matabwa a kunsi kwa kanyumba, akankha chivundikiro cholemera. Ryuji watsika ndi chingwe, akudzaza ndowa, Reiko pamwamba akukoka, kukhuthula, kubweza. Ndowa, ndowa, ndowa, madzi osaoneka kuchepa. Manja a Reiko atha mphamvu, wagwa pansi. Asinthana, iye ndiye watsika. Ali m'madzi akuda, akupapasa, zala zake zikukola tsitsi. Chikutumphuka ndi chigaza. Reiko sakuchitaya. Akuchikumbatira pachifuwa, mmene akanakumbatira Yoichi. Ola lake lakwana, ladutsa, iye ali moyo. Apa mtima wanga unakhala pansi, chifukwa izi ndi zimene tonse timadziwa: wotayidwa wapezeka, wapepesedwa, aikidwa mwaulemu, mzimu wake ugona. Si mmene zimathera? Nanga bwanji filimu sinathere pamenepo?

Tsiku lotsatira Ryuji ali kwake, akulemba patebulo. TV yayaka yokha. Chitsime chija, koma ulendo uno mukutuluka munthu. Akuyenda mopindikapindika, mapewa ndi miyendo zosamvana, akuyandikira, akuyandikirabe, mpaka mutu watulukira pagalasi la TV n'kulowa m'chipinda. Akukwawa pansi ndi zala zopanda zikhadabo. Waimirira. Pakati pa tsitsi paoneka diso limodzi loyang'ana pansi, ndipo Ryuji wafa. Opanga filimu sanabise mmene anachitira. Rie Inō, amene anasewera Sadako, ankayenda chobwerera m'mbuyo, iwo n'kutembenuza filimuyo, ndipo diso lija linali la mwamuna wina wa m'gulu la ojambula. Zonsezi ndikuzidziwa, koma thupi limachitabe tsembwe. Komabe chimene chimandisautsa kwambiri si kayendedwe kake. Ryuji ndi amene anayamba kutsika m'chitsime muja. Anatunga madzi ndi manja ake kuti mafupa a mtsikanayu aone kunja. Malipiro ake ndi amenewa? Ngati kupepesa sikugwira ntchito, kuika maliro sikugwira ntchito, chimagwira ntchito n'chiyani?

Yankho Reiko akulipeza yekha, ndipo ndi yankho loipa. Pali chinthu chimodzi chimene iye anachita chimene Ryuji sanachite: anakopa tepi, napatsa munthu wina. Chifundo chake sindicho chinamupulumutsa. Kukumbatira chigaza kuja kunapita pachabe. Anapulumuka tsiku lija anapereka tepi kwa bambo wa mwana wake, osadziwa kuti akumusenzetsa imfa yake yomwe. Temberero ili silichoka, limangosamuka. Ndiye tizikutcha kupulumuka kumeneku? Munthu amene wakhala moyo chifukwa mnzake wafa m'malo mwake, wachira kapena wapha?

Izi si zachilendo kwenikweni m'makutu mwathu. Tinamvapo za wodwala amene sing'anga amamuuza kuti akasambe mankhwala pamphambano usiku, kuti woyamba kupondapo m'mawa atenge nthendayo. N'chifukwa chake makolo ankatiletsa kuponda mizu ndi madzi otayidwa pamene njira zakumana. Munthu wotere sitimutama. Komabe iye saona nkhope ya amene adzaponde, amangosiya tsoka panjira n'kubwerera kwawo. Tepi ya Sadako ndi yankhanza kuposa pamenepo. Masiku ndi ochepa, ndipo uyenera kutsimikiza kuti munthuyo waioneradi mpaka kumapeto. Uyenera kumusankha, kumuitana, kumukhazika pansi, kumuyatsira TV. Ndani angavomere kukhala pansi kuonera chinthu chifukwa choti iwe wamupempha? Mdani wako? Munthu wongodutsa pamsewu? Kapena ndi amene amakukonda ndi kukukhulupirira?

Kuti apulumutse Yoichi, Reiko anasankha bambo ake omubereka. Agogo awa tinawaona pakati pa filimu, mkulu wofatsa, ali kumtsinje ndi mdzukulu wawo kupha nsomba, akusangalala kuti ana abwera kudzacheza. Anali atangoika kumene m'manda mdzukulu wina, Tomoko. Kumapeto, Reiko wanyamula deki, waiika m'galimoto, waimbira foni bambo akewo kuti ali ndi chopempha chokhudza Yoichi. Galimoto ikupita, kutsogolo mitambo ili bii, filimu yatha. Agogo aja analakwanji? Anasankhidwa chifukwa ndi okalamba, masiku awo atsala kale ochepa? Ndani anawerenga masikuwo? Kapena chifukwa Reiko akudziwa kuti sangakane? Adzawauza zoona asanayatse TV, kapena adzangoti bambo taonani kanthu aka? Akawauza, iwo n'kuvomera, imeneyo ndi mphatso ya agogo kwa mdzukulu, kapena ndi ngongole imene mwana wawo wawakakamiza kulipira?

Ndipo wokopa tepiyo ayenera kukhala Yoichi mwini wake. Kadzanja kake ndi kamene kadzadine batani. Akadzakula n'kufunsa kuti agogo anamwalira ndi chiyani, adzamuyankha kuti mtima unangoima? Mwinanso agogowo sadzafa. Nawo adzakhala ndi masiku 7, ndi deki, ndi anansi. Adzaitana mnzawo wocheza naye madzulo? Adzaitana mwana wa pakhomo loyandikana? Mwana wa mnzako ngwako yemwe, timatero. Mawu amenewa amagwirabe ntchito pamene wako watsala ndi masiku awiri?

Ena amati vutoli n'losavuta: aliyense azingopatsira mnzake, ndiye palibe adzafe. Tiyeni tiwerengere. Mzere umodzi ukufuna munthu watsopano sabata iliyonse, anthu 52 pachaka, chaka chamawa enanso 52. M'filimu ya ku America ya 2017 yotchedwa Rings, mphunzitsi wina wa pa koleji anakonzadi dongosolo lotere, wophunzira aliyense woonera n'kumupezera womulandira kumbuyo. Katswiri winanso ameneyo, ndipo wophunzira anafabe. Pakuti mzere uliwonse uli ndi womalizira. Womalizirayo adzakhala ndani? Wodwala amene madokotala amutaya kale? Wam'ndende? Mmphawi amene angavomere kuonera mutamupatsa ndalama ya ufa? Ndani adzakhale pampando wosankha, ndipo iyeyo dzina lake lidzakhalapo pamndandanda?

Akatswiri olemba za mafilimu ali ndi yankho lawo. Amati Ringu ikunena za mantha amene anthu anali nawo pa makina atsopano, TV, mavidiyo ndi mafoni, zimene zinalowa m'nyumba iliyonse. Mwina. Koma tepi ya VHS, imene kampani ya JVC inatulutsa mu 1976, inatha kale. Kampani yomaliza kupanga madeki, Funai, inasiya mu Julaye 2016. Achinyamata amene sanagwirepo tepi chibadwire amaopabe filimuyi. Akuopa makina amene sakuwadziwa? Chitsime chimayendera magetsi? Chimene chinavulaza mutu wa Sadako chinali TV, kapena dzanja la munthu wamkulu amene mwanayo ankamudalira? Deki ikhoza kukopa tepi, inde, koma ndi deki imene inaimbira foni agogo?

Kwatsala chimodzi chimene chimandiimitsa mutu, ndipo ichi chikuchitika kunja kwa filimu. Ringu itachita bwino, anthu a ku South Korea anapanga yawo mu 1999, The Ring Virus. Mu 2002 a Gore Verbinski anapanga ya ku America, The Ring, Naomi Watts akusewera mtolankhani, mtsikana wa m'chitsime atamutcha Samara. Inadya madola 48 miliyoni, n'kubweretsa pafupifupi 249 miliyoni. Mu 2012, potsatsa filimu ya Sadako 3D, munthu wovala ngati Sadako, tsitsi lili kumaso, anaponya mpira woyamba pa masewero a baseball m'bwalo la Tokyo Dome, khamu likusangalala. Mu 2016 anamumenyanitsa ndi mzukwa wa m'filimu ina, Kayako. Sindikuletsa anthu kusangalala kapena kupindula ndi luso lawo. Koma nkhani yonseyi inayamba ndi chiyani? Si Takashi kuona ndalama pa m'bale wake, mpaka m'baleyo kuimikidwa pamaso pa gulu? Mayi anaonetsedwa, lero mwana akuonetsedwa. Anthu a m'bwalo muja anaona filimu yomweyi imene inu ndi ine tinaona?

Filimuyi njabwino, ndipo njoyenera kuionera ana atagona. Reiko sindingamuloze chala ngati kuti ine sindingachite zimene anachitazo, koma sindingazitchenso kupulumutsa banja. Mukaipeza, musaizimitse pamene Sadako watuluka mu TV. Pitirirani mpaka pa foni ija. Kenaka mufunse amene mwaonera naye kuti tepiyo akanapatsa ndani, ndipo musamulole kuyankha kuti palibe asanaganizire za mwana wake.